Makadi ooneka ngati zenera la tchalitchi: yambani ndi mtovu, utoto pambuyo

Munthu akafuna kujambula makadi osewerera ooneka ngati magalasi amitundumitundu a m'mazenera a tchalitchi, dzanja limathamangira ku utoto. Amafuna buluu wozama uja, kufiira kuja, chikasu chowala ngati dzuwa lili kuseri kwake. Ine ndikuti utoto uyambe wadikira. Chimene chimachititsa chithunzi kuoneka ngati galasi ndi mizere yakuda ya mtovu yolekanitsa zidutswa za galasi ija. Mizereyo ikalakwika, ngakhale mupake mitundu yokongola chotani, chotuluka chake chimangokhala chithunzi wamba chokhwatchidwa ndi maka. Ntchito yanga ndi yojambula ndi kukonza zinthu zokasindikiza, ndipo zimene ndalemba apa ndi njira imene ndimatsata kuyambira papepala loyera mpaka paketi ya makadi 52 ndi majoka awiri itafika m'manja mwa anthu osewera.

Kaoneni galasi lenileni

Chithunzi cha pafoni sichingakuphunzitseni zonse. Ngati muli ku Blantyre, pitani ku tchalitchi cha St Michael and All Angels, chija chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891. Ku Likoma kuli St Peter's. Ku Livingstonia kuli zenera losonyeza David Livingstone, nyanja ili kumbuyo kwake. Ku Lusaka kuli Cathedral of the Holy Cross yokhala ndi mazenera ataliatali. Pitani nthawi yopanda mapemphero, mupemphe chilolezo kwa woyang'anira pamalopo, mukhale pabenchi ndi kope lanu ndi pensulo.

Mukakhutira kuyang'ana muli mkati, tulukani mukaone zenera lomwelo muli panja. Anthu ambiri sachita zimenezi, komatu phunziro lalikulu lili pamenepo. Kunja mitundu yonse imazima, galasi limaoneka lotuwa ndi lakuda, ndipo chotsala ndi ukonde wa mtovu wokhawokha. Ukonde umenewo ndiwo muyenera kujambula m'kope mwanu. Onani pamene mizere ikukumana, pamene ikukhota, ndi pamene mmisiri anadula mkanjo wa munthu m'zidutswa zitatu m'malo mousiya wathunthu.

Mazenera a ku Ulaya mudzawaona pa intaneti, ndipo si onse amene angakuthandizeni. Tchalitchi ya Sainte-Chapelle ya ku Paris, imene inapatulidwa mu 1248, ili ndi mazenera aakulu 15 okhala ndi zithunzi 1,113. Ndi yogometsa, koma khadi lanu ndi laling'ono kuposa chikhatho, ndiye mukatengera kuchulukana koteroko mudzangopeza phala la mitundu. Chartres, nakonso ku France, ndi kophunzirako buluu ndi mazenera ozungulira. Magalasi ake ambiri ndi a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200. Koma pa nkhani ya kingi, kwini ndi jeki, ine ndimatumiza aliyense ku Augsburg ku Germany, kumene kuli mazenera a aneneri a zaka zoposa 800, omwe ali m'gulu la akale kwambiri amene akadali pamalo pake. Aneneriwo aima chilili, akuyang'ana kutsogolo, maso aakulu, zidutswa zazikuluzikulu, mitundu yochepa. Amaoneka ngati makadi kale. Mmodzi mwa iwo ndi mfumu Davide, ndipo pa makadi a ku Paris kingi wa sipedi dzina lake ndi David.

Galasi limadulidwa motani

Simudula galasi lililonse pantchitoyi, komabe muyenera kujambula ngati munthu amene mawa akalidula. Pazenera lenileni, chidutswa chilichonse ndi galasi la mtundu umodzi. Zidutswazo zimagwiridwa ndi timizere ta mtovu tokhala ndi ngalande mbali zonse ziwiri, moti mukadula kamtovuko n'kuyang'ana kumapeto kwake kamaoneka ngati chilembo H. Mphepete mwa galasi mumalowa m'ngalandemo, ndipo pamene timizere takumana mmisiri amawotcherera.

Galasi silidulidwa ngati nsalu. Telala amakhotetsa sizasi pamene wafuna, amalowa mkati n'kubwerera. Wodula galasi amakanda mzere kuchokera m'mphepete kukafika m'mphepete, kenako amathyola, ndipo mng'alu umangopitirira njira yake. Apa ndi pamene pamachokera malamulo amene ndimatsata.

Mzere usathere pakati pa chidutswa. Uyenera kukagunda mzere unzake kapena kukafika kumalire a chithunzi. Kona yosongoka yolowa mkati mwa chidutswa singadulidwe, choncho paliponse pamene pali kona yotere payenera kutuluka mzere wa mtovu. Zidutswa zazitali zopyapyala zothera kosongoka zimasweka, ndiye zifupikitseni kapena ziduleni pawiri. Mizere isanu kapena isanu ndi umodzi isakumane pamalo amodzi, chifukwa pazenera pamakhala chibuluma cha zowotcherera, ndipo pakhadi pamakhala chidontho chakuda chokopa diso pachabe. Itatu ikakumana zili bwino, inayi n'zopiririka.

Wina anganene kuti pepala silisweka, ndiye kuvutikiranji. Chifukwa chake n'chakuti diso la munthu limadziwa, ngakhale mwiniwake sangathe kufotokoza. Chithunzi chotsata malamulowa chimaoneka cholemera, ngati chinthu chimene munthu angachinyamule n'kuchiika pakhoma.

Yesani kaye malamulowa pa zizindikiro zinayi za pa makadi zija. Dayamondi ndi yosavuta, ndi mbali zinayi zowongoka, ndipo mazenera ambiri akale opanda zithunzi anali a tizidutswa ta dayamondi tokhatokha. Mtima uli ndi kona yolowa mkati pamwamba pake, choncho mzere uyenera kutsika kuchokera pamenepo. Ine ndimautsitsa mokhota pang'ono mpaka kunsonga, mtima n'kukhala wa zidutswa ziwiri, china chofiira kwambiri china chowalirako. Sipedi ili ndi makona awiri otere pamene tsinde lalumikizana ndi tsamba, ndiye tsindelo likhale chidutswa pachokha. Kilabu ndiyo yovuta. Masamba ake atatu ndi tsinde zimafuna kukumana pamalo amodzi. Njira yabwino ndi kuika kachidutswa kakang'ono pakati, kozungulira kapena ka makona anayi, kuti masamba ndi tsinde zizigunda kameneko m'malo mogundana zokhazokha. Musapitirire ku makadi a zithunzi mpaka zizindikiro zinayizi zitakukhutiritsani zili zazikulu komanso zitachepetsedwa kufika pa mamilimita 6, chifukwa zidzabwera kambirimbiri m'paketi monse.

Miyeso

Khadi la saizi ya poker ndi mamilimita 63.5 m'lifupi ndi 88.9 m'litali. La bridge ndi lochepako m'lifupi, pafupifupi mamilimita 57. Tengani la poker, malo owonjezerawo mudzawafuna. Osindikiza amafuna kuti chithunzi chipitirire malire ndi mamilimita atatu mbali zonse, kuti mpeni ukaphonya pang'ono pasaoneke mzere woyera, ndiponso kuti chinthu chilichonse chofunika chikhale mamilimita atatu mkati mwa malire. Pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), fayilo yonse imakhala mapikiselo 825 ndi 1125. Papepala jambulani mokulitsa katatu. Pakompyuta, Inkscape ndi yabwino pa mizere ndipo Krita ndi yabwino pa mitundu. Onsewa ndi aulere. Amene ali ndi Illustrator kapena Procreate agwiritse ntchito zomwezo.

Mtovu ukhale wa makulidwe awiri okha. Wonenepa, wa pafupifupi mamilimita 0.7 pakhadi lomalizidwa, uzungulire munthu ndi zinthu zikuluzikulu. Wowonda, wa pafupifupi theka la pamenepo, ugawe mkati mwa chovala ndi kumbuyo. Mukaonjeza wachitatu ndi wachinayi diso limasokonezeka.

Kwini wa mtima, kuyambira pachiyambi

Ndifotokoze khadi limodzi bwinobwino, ena 11 a zithunzi adzatsata njira yomweyo.

Makadi a masiku ano ali ndi mitu iwiri, wina m'mwamba wina m'munsi. Kale sizinali choncho, munthu ankajambulidwa wathunthu mpaka kumapazi. Mitu iwiri inafala m'zaka za m'ma 1800 chifukwa wosewera akatembenuza khadi kuti liime bwino, anzake ankadziwiratu kuti wagwira khadi la chithunzi. Kwa inu izi zikutanthauza kuti mujambula theka lokha, kenako mulizungulitsa n'kuliika m'munsi. Kulizungulitsa, osati kulitembenuza ngati m'kalilole. Duwa limene lili kudzanja lamanja m'mwamba lidzakhala kumanzere m'munsi.

Tengani pepala loonekera mkati, mulembe malire a khadi ndi kadontho pakati penipeni. Jambulani mzere wopingasa wodutsa pakadonthopo, wopendekeka pang'ono, wokhota ngati chilembo S chogona. Umenewu ndiwo mtovu wogawa khadi pawiri. Apa kalembedwe ka magalasi kamatithandiza kwambiri, pakuti pa makadi wamba ojambula amavutika kubisa polumikizira, pamene ife mzere wakuda tili nawo kale ndipo palibe amene angaudabwe.

Yambani ndi nkhope. Nkhope ndi khosi zikhale chidutswa chimodzi cha galasi lowala. Musadutsitse mtovu pamphuno kapena pamasaya. Amisiri akale sankatero. Maso, mphuno ndi milomo ankazilemba pagalasi ndi utoto wakuda wopangidwa ndi dzimbiri la chitsulo kapena la mkuwa losakaniza ndi galasi lopera, n'kuwotcha m'ng'anjo kuti ukanirire. Mizere ya mtovu yodutsa pankhope imene mumaona pa mazenera ena akale kawirikawiri ndi zigamba za pamene galasi linasweka. Choncho pakhadi lanu maso ndi milomo zilembedwe ndi mzere wopyapyala wa bulauni wakuda, wosiyana ndi mtovu, wooneka kuti ndi burashi. Zikope, nsidze, kamzere kamodzi ka mphuno, milomo, basi.

Chisoti chachifumu ndi tsitsi zikhoza kukhala pachidutswa chimodzi, zonse zachikasu chosiyana kuzama. Zimenezinso zili ndi mbiri yake. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300 amisiri ku Ulaya anayamba kupaka mankhwala a siliva kuseri kwa galasi, ndipo likawotchedwa pamalopo pankasanduka chikasu, kuyambira chotuwa mpaka chonga uchi. Kuyambira pamenepo tsitsi, zisoti ndi mikombero ya zovala sizinkafunikanso mtovu wakewake. Inunso chikasu ndi mtundu wokhawo umene mungauike pagalasi loyera popanda kuuzinga ndi mzere wakuda.

Kenako chovala. Apa ndi pamene ndimakhalitsa. Mizere ya mtovu itsate mapindidwe a nsalu, kuchokera paphewa kutsikira ku mzere wapakati uja. Isakhale mizere yongodula kuti pakhale zidutswa. Mkanjo wofiira ndimaugawa m'zidutswa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zosiyana kukula, ndipo zoyandikana sizifanana kufiira. Malaya am'kati ndimawapatsa mtundu woyera wopita kobiriwira, chifukwa galasi loyera lakale silinali loyera mbee. Dzanja ndi chidutswa chimodzi, zala n'zolemba ndi burashi ngati nkhope. Makwini onse anayi a makadi a Chingelezi amagwira duwa, ndipo mwambo umenewu ndimausunga. Duwa la kwini wa mtima ndimalipanga la masamba asanu, lililonse chidutswa chake, ndi kachikasu pakati.

Kumbuyo kwa munthuyo kukhale buluu wozama wogawidwa m'zidutswa zazikulu, mizere yake ikuchokera pa makona a chisoti, paphewa ndi pansonga za duwa kupita kumalire. Muwerenge zidutswa za theka lanulo. Zikapitirira 30, yambani kufufuta mizere. Mukamaliza, zungulitsani pepala loonekera lija pakadontho kapakati, mukope theka linalo, muone ngati mizere ya m'mwamba ikukumana bwino ndi ya m'munsi pamzere wopingasa uja. Pamene sizikukumana, sunthani mzere umodzi ndipo mnzake asunthe chimodzimodzi.

Pali tinthu tina timene osewera akale amatidziwa ndipo amasangalala akatipeza. Jeki wa sipedi ndi jeki wa mtima amayang'ana cham'mbali, diso limodzi lokha likuoneka. Kingi wa dayamondi nayenso amayang'ana cham'mbali ndipo ali ndi nkhwangwa pamene anzake ali ndi malupanga. Kingi wa mtima alibe ndevu zapamlomo, ndipo lupanga lake lili kuseri kwa mutu. Simukakamizidwa kuzitsata, koma ine ndimazitsata, chifukwa zimathandiza wosewera kuzindikira khadi asanawerenge chilembo.

Pali nkhani ina imene sindingaidumphe. Kwathu kuno anthu ambiri amaona makadi ngati chida cha njuga, ndipo magalasi amenewa anthu amawadziwira m'nyumba yopemphereramo. Musaike nkhope ya Yesu, ya Mariya kapena ya oyera mtima pakhadi limene likamenyetsedwe patebulo. Mudzapweteka mitima ya anthu popanda phindu lililonse. Tengani luso la mtovu ndi kuwala, koma anthu ake akhale mafumu ndi mafumukazi ongopeka nokha. Komanso musakope zenera la munthu. Mazenera a m'zaka za m'ma 1200 alibe mwini wodandaula, ngakhale kuti chithunzi chake chikhoza kukhala ndi mwini amene anachijambula ndi kamera. Koma mazenera a wojambula Marc Chagall, amene anamwalira mu 1985, kapena zenera la wojambula Gerhard Richter la mu 2007 ku Cologne, ndi otetezedwa ndi malamulo a umwini. Aoneni, muphunzirepo, mujambule zanu.

Kuwala kopanda dzuwa

Zenera limawala chifukwa dzuwa lili kuseri kwake. Khadi lilibe dzuwa, lili ndi kuyera kwa pepala kokha, ndiye kuwalako muyenera kukupanga ndi nzeru.

Choyamba, iwalani zimene munaphunzira za mthunzi. Musaike mthunzi pansi pa chibwano ngati kuwala kukuchokera kumanzere, ndipo musapake timizere toyera tonyezimira ngati galasi la botolo. Kuwala kukuchokera kumbuyo, kukudutsa chidutswa chilichonse pachokha. Choncho chidutswa chilichonse chiwale chapakati, chiderepo pang'ono pafupi ndi mtovu, kumene fumbi ndi zomatira zimaunjikana pazenera lenileni. Kusiyanako kukhale kochepa. Kukachuluka zidutswa zimaoneka ngati mikanda yotupa.

Chachiwiri, mtundu usakhale wosalala. Galasi lakale linkauziridwa ndi pakamwa, ndiye lili ndi timathovu, mizeremizere, pena lonenepa pena lopyapyala. Ine ndimatenga mapepala angapo olimba, n'kupaka lililonse mtundu umodzi wa utoto wamadzi kapena inki, mosasamala kwenikweni, kusiya madzi aume okha ndi mabala ake. Akauma ndimawajambula ndi scanner, ndipo m'kompyuta ndimadula zidutswa kuchokera m'mapepala amenewa, chilichonse pamalo osiyana ndi mopendekeka mosiyana. Ndi mmenenso mmisiri wa magalasi amachitira akamasankha mbali ya galasi yoti adulepo. Pofiira ikani mizeremizere yambiri. Galasi lofiira la mkuwa linkada kwambiri moti kuwala sikunkadutsa, choncho ankaika kofiira kopyapyala pamwamba pa galasi loyera, ndipo n'chifukwa chake kufiira kwa mazenera akale kumaoneka kwa mikwingwirima.

Mitundu ikhale yochepa. Amisiri akale ankapeza mitundu posakaniza zitsulo m'galasi, ndipo anali ndi buluu wa kobati, wofiira wa mkuwa, wobiriwira wa chitsulo kapena mkuwa, pepo wa manganizi, chikasu ndi woyera. Wojambula Henri Matisse, pa katchalitchi ka ku Vence ku France kamene kanatha mu 1951, anagwiritsa ntchito chikasu, wobiriwira ndi buluu basi. Sankhani mitundu isanu, uliwonse ukhale ndi wozama, wapakati ndi wowala. Ngati mukukayika kuti mitundu iwiri igwirizana, tolani timapepala tapulasitiki tamitundu tokutira maswiti, mutimate pazenera la kunyumba moyandikana ndi tepi yakuda pakati, muyang'ane masana. Mudzaona nokha kuti buluu amaoneka ngati akusefukira pamzere wakuda pamene wofiira amakhala m'malo mwake. Musaiwale kumwaza tizidutswa toyera ndi tachikasu apa ndi apo. Timeneti ndi timene timachititsa diso kukhulupirira kuti kuseri kuli dzuwa.

Makadi a manambala ayenera kuwerengeka

Apa ndi pamene mapaketi ambiri okongola amagwera. Munthu wagwira makadi asanu ndi awiri m'dzanja limodzi, atawayala ngati chikupizo, akuona kona yokha ya lililonse, mwina madzulo pansi pa babu lofooka. Nambala ndi chizindikiro cha pakona ziyenera kuoneka nthawi yomweyo. Timanambala tapakonati tinafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 pa chifukwa chomwechi. Tisiyeni pamalo oyera opanda mtovu wodutsapo, ndi zilembo zosavuta, ndipo 6 asafanane ndi 9 wozondoka mpaka kusokoneza.

Ofiira akhale ofiira, akuda akhale akuda. Mkati mwa khadi mukhoza kupanga sipedi ya buluu wozama ndi kilabu yobiriwira, dayamondi yopita ku olenji, koma pakona mtima ndi dayamondi zikhale zofiira, sipedi ndi kilabu zakuda. Masewera ambiri amadalira kusiyana kumeneku.

Kumbuyo kwa zizindikiro ikani galasi lotuwa la tizidutswa ta dayamondi, mtovu wake wowonda ndi wotuwirako, kuti zizindikiro zokha zikhale ndi mtundu wamphamvu. Ziikeni pamalo amene anthu anazolowera, chifukwa wosewera sawerenga kuti wanu, thu, fili, amangoona kaimidwe kake n'kudziwa kuti ndi 8. Esi ya sipedi yokha ndiyo mungaikongoletse mmene mungathere. Mwambo umenewu unachokera ku England, kumene msonkho wa makadi unkasonyezedwa pa esi ya sipedi, ndipo kuyambira 1765 boma ndilo linkasindikiza khadi limeneli. Msonkhowo unatha mu 1960 koma kukongoletsako kunatsala. Dzina lanu ndi chaka muziike pamenepo. Majoka, amene anayambira ku America cha m'ma 1860, alibe malamulo ambiri. Ine ndimajambulapo mmisiri wa magalasi atanyamula chidutswa, wina wa mitundu yonse, wina wotuwa ngati zenera loonedwa panja.

Kumsana kwa khadi

Kumsana n'chimodzi pa makadi onse, ndipo chiyenera kuoneka chimodzimodzi mukachizondotsa. Zenera lozungulira lija looneka ngati duwa ndilo loyenera pamenepa. Tengani kampasi yojambulira mabwalo, mugawe bwalo m'magawo 8, 12 kapena 16. Nambala yake ikhale yogawika pawiri. Mukagawa pasanu kapena pa 7, khadi lozondoka lidzasiyana ndi linzake, ndipo wosewera wochenjera adzagwiritsa ntchito kusiyanako. Mitundunso iyang'anizane, chofiira cha m'mwamba kumanja chikhale ndi chinzake m'munsi kumanzere. Ngakhale timabala ta utoto tija tizungulitsidwe pamodzi ndi theka lake. Bwalo limodzi lalikulu pakati limasiya malo m'mwamba ndi m'munsi, amene mungadzazemo timazenera tosongoka titatutitatu. Ena amakonda mabwalo awiri ofanana, lina pamwamba pa linzake.

Zungulizani mkombero woyera, kumaso ndi kumsana komwe. Ndikudziwa kuti mkombero wakuda umachititsa mitundu kuwala kwambiri ndipo pakompyuta umakopa. Koma makadi akasakanizidwa kangapo, inki ya m'mphepete imakanganuka, timabala toyera timaoneka, ndipo khadi lililonse limakhala ndi chizindikiro chake. Mazenera akale ambiri nawonso ali ndi kamzere ka galasi loyera m'mphepete monse, choncho simukuchoka pa mwambo. Kuti mupeze mdima umene mukuufuna, ikani mtovu wonenepa uja mkati mwa mkombero woyerawo.

Kukasindikiza

Musanapite kulikonse, sindikizani makadi onse pa printa wamba. Pa pepala la A4 pamakwana makadi 9 a saizi yake yeniyeni, ndiye mapepala 6 akukwanirani paketi yonse. Dulani ndi sizasi, muwamate pa makadi akale, muitane anzanu musewere. Musawauze kuti mukuyesa chiyani. Ingoyang'anirani pamene wina waima n'kuyandikitsa khadi kumaso, kapena wafunsa kuti kodi uyu ndi jeki kapena kingi. Khadi limenelo libwerere patebulo lojambulira.

Fayilo yopita kwa osindikiza ikhale ya CMYK, kutanthauza inki zinayi za osindikiza: cyan (buluu wowala), magenta (wofiirira), chikasu ndi yakuda. Mitundu ya pakompyuta imawala chifukwa sikirini nayo ili ndi kuwala kumbuyo, ndipo pa inki idzazimirirako, makamaka buluu, amene amakonda kusanduka pepo. Chepetsani magenta kuti atsike ndithu poyerekeza ndi cyan. Cyan 100 peresenti ndi magenta 65 kapena 70 peresenti ndi poyambira pabwino. Mizere ya mtovu ikhale ya inki yakuda yokha, osasakaniza ndi ina, ikhale pamwamba pa zonse, ndipo mtundu wa chidutswa chilichonse ulowe pang'ono pansi pa mzerewo, monga mmene galasi limalowera m'ngalande ya mtovu. Mukatero, makina akaphonya pang'ono sipaoneka kampata koyera pakati pa mtundu ndi mzere.

Pepala la makadi enieni ndi la magalamu 300 kapena 310 pa sikweya mita, lomatidwa pawiri ndi guluu wakuda kapena wabuluu pakati kuti kuwala kusadutse. Osindikiza ambiri a m'tauni ali ndi pepala lolimba loyera mkati monse. Yatsani tochi ya foni kuseri kwake muone. Ngati zizindikiro zikuonekera, kumsana kwanu kukhale kwa mitundu yozama ndi mizere yothithikana kuti kubise. Musalole laminetingi yokhuthala ija ya ziphaso, chifukwa makadi amanenepa, amamatirirana ndipo sasakanizika. Pemphani vanishi wosanyezimira kapena kapulasitiki kopyapyala kwambiri. Adule ndi makina odulira mapepala, onse pamodzi, ndipo makona awazungulitse ndi chobowolera cha mamilimita atatu.

Ngati mukufuna mapaketi ogulitsa kunja, alipo makampani a ntchito imeneyi yokha. Cartamundi ya ku Turnhout ku Belgium ndi imodzi mwa zazikulu, ndipo mu 2019 inagula United States Playing Card Company, eni ake a makadi a Bicycle. Oterewa amafuna oda yaikulu, n'chifukwa chake ojambula ambiri amayamba atolera ndalama kwa ogula pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti lotolerapo ndalama. Aliponso ena pa intaneti, monga MakePlayingCards, amene amasindikiza ngakhale paketi imodzi. Kulikonse kumene mwasankha, pemphani template yawo (fayilo yosonyeza miyeso) ya khadi ndi ya kabokosi musanamalize mafayilo, chifukwa miyeso imasiyana pang'ono. Itanitsani paketi imodzi kaye. Ikafika, yang'anani buluu padzuwa, osati pansi pa babu. Yalani makadi onse chafufumimba patebulo muone ngati mikombero ili yofanana, ndipo muwerenge kuti alipo 54 musanalipire oda yaikulu.